Lipoti la msonkhano wokambirana pulani ya siteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri uja ndi funso limodzi: munthu wa pa njinga ya olumala ngati ine, munthu wosaona, kapena gogo woyendera ndodo, adzatsika bwanji m'siteshoniyi ndipo zikavuta adzatulukamo bwanji? Ndabwerako. Zina zandikondweretsa, koma pali zinanso zomwe sizinandikhalitse mtima pansi.

Patebulo anaikapo kachifaniziro ka siteshoni kodulidwa pakati kuti tione m'kati: khomo la kumsewu pamwamba, holo ya matikiti pakati, pulatifomu pansi penipeni. Ojambula mapulani anati asanaganize za maonekedwe, amayamba awerengera anthu odzadutsa pa ola lothithikana kwambiri, ndipo chiwerengerocho n'chimene chimalamula kukula kwa masitepe ndi zipata. Za kakumbidwe sanachedwepo. Njira yakale, yomwe inagwira ntchito ku London mu 1863 pakati pa Paddington ndi Farringdon, ndi yokumba chidzenje mumsewu, kumanga, n'kukwirira. Ina ndi yoboola pansi ndi makina, ndipo siteshoni imatha kuzama zedi, monga ya Arsenalna ku Kyiv yomwe ili mamita oposa 100 pansi. Kwa ife kuzama kumatanthauza kudalira chikepe, basi.

Pulaniyi ili ndi pulatifomu imodzi pakati, njanji mbali zonse ziwiri. Katswiri wina anayamikira kuti potero chikepe chimodzi chikwanira opita uku ndi uko. Apa m'pamene ndinakweza dzanja. Ndinati tsiku lomwe chikepecho chafa, kapena akuchikonza, kwa ena onse siteshoni ndi yotsegula koma kwa ife yatsekedwa. Sanatsutse. Anangoti chachiwiri chifuna dzenje lina ndi ndalama zina, ndipo achiganizira.

Tsiku lachiwiri linali la moto, ndipo m'holo munali zii. Injiniya wa chitetezo anatikumbutsa za siteshoni ya King's Cross ku London mu November 1987, pomwe moto unayamba pansi pa masitepe oyenda okha a matabwa, n'kukwera motsata chitunda chake mpaka kuphulikira m'holo ya matikiti. Anafa anthu 31. Ku Daegu, South Korea, mu 2003, anafa 192. Pansi pa nthaka utsi ulibe kothawira, umadzera njira yomweyo imene anthu akutulukira, n'chifukwa chake mafani okoka utsi ndi zipangizo zosayaka amazilowetsa m'pulani kuyambira pachiyambi. Anatchula muyezo wa NFPA 130 umene mizinda yambiri imatsata: anthu achoke papulatifomu m'mphindi 4, ndipo wakutali kwambiri afike pamalo otetezeka m'mphindi 6.

Ndinafunsa kuti mphindizo n'za ndani. N'za munthu wokwera masitepe ndi miyendo yake. Chikepe wamba sachigwiritsa ntchito moto ukabuka, pokhapokha chitamangidwira zimenezo, chokhala ndi magetsi akeake ndi kachipinda kotchinga utsi. Popanda chikepe chotere pamafunika malo odikirira otetezedwa, okhala ndi chitseko chopirira moto ndi foni yolankhulira ndi oyang'anira. Ndinayendetsa chala pa pepala la pulani lonse, sindinawapeze malowo. Anandiyankha kuti adzaoneka m'mapulani otsatira. Mamembala anzanga, khoma la konkire pansi pa nthaka likangoumbidwa silisunthanso, ndiye mawu oti "pambuyo pake" ine andiopsa.

Chomwe sindidzaiwala ndi mayi wina wosaona, nthumwi ya gulu lina. Atabweretsa zitsanzo za matailosi otsogolera osaona, aja anayambitsa Seiichi Miyake ndipo anayalidwa koyamba ku Okayama, Japan, mu 1967, mayiyu anavula nsapato imodzi n'kuponda. Pa amizere anati apa phazi likundiuza kuti yenda, pa atimadontho anati apa likuti ima. Kenaka anakhudza achitsulo onyezimira omwe ojambula anawakonda chifukwa akugwirizana ndi mtundu wa pansi, anati awa akanyowa amaterera, komanso woona pang'ono sangawasiyanitse, tipatseni achikasu. Zimenezi anazilemba pomwepo.

Zabwino ziliponso. Pulatifomu ikhala yowongoka, ndipo wa njinga aliyense akudziwa kufunika kwake: pokhota m'pamene mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu umakula, timatayala ta kutsogolo n'kugweramo. Aikanso zitseko za galasi m'mphepete mwa pulatifomu zotseguka sitima ikaima, ngati zomwe Singapore inayamba nazo mu 1987. Ndinakondanso maganizo olowetsa kuwala kwa dzuwa kudzera padenga la galasi, potengera siteshoni ya Canary Wharf ku London yomwe inajambulidwa ndi kampani ya Norman Foster n'kutsegulidwa mu 1999. Munthu akaona kuwala amadziwa kotulukira ngakhale asanawerenge chikwangwani.

Nkhani ya madzi ndiyo inatikola tonse. Chichitikireni ngozi ya ku Zhengzhou, China, mu July 2021, pomwe anthu 14 anafa madzi atadzaza njira ya sitima, mainjiniya akufuna makomo akwezedwe kuti madzi a mvula asalowe. Akunena zoona, ine sindingatsutse. Koma khomo lokwera likufuna chitunda cha njinga, ndipo pa muyezo wodziwika wa 1:12, kukwera mita imodzi kumadya mamita 12 a malo, osawerengera popumira. M'pulani chitundacho achiika kuseri, kutali ndi khomo lalikulu. Ndinapempha kuti tonse tizilowera khomo limodzi.

Ojambula ati alandira ndemanga zolembedwa asanatseke gawo lino la pulani. Ndikupempha wapampando aitanitse komiti sabata ino kuti tilembe kalata, ndipo chikepe chachiwiri ndi malo odikirira pa ngozi ya moto zikhale zoyamba m'kalatamo. Mapepala a pulani ndabwera nawo, ndipo amene saona ndidzakhala nawo pansi n'kuwafotokozera tsamba ndi tsamba.