Lipoti la msonkhano wa amayi umene munandituma ku Tete

Mayi wapampando ndi amayi anzanga a gulu lathu kuno ku Ulongwe, ndabwerako. Za kutentha kwa ku Tete sinditaya nazo nthawi. Ife a kumapiri tinkangopempha madzi. Malisiti a chapa (minibasi) ndi a malo ogona ali kwa msungichuma.

Nkhani inali njira zimene amayi omenyera ufulu amagwiritsa ntchito. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti malamulo a dziko lathu la Mozambique amene timangowatchula ngati anagwa ndi mvula, anachita kukokedwa. Lamulo la Banja la 2004 amayi analimenyera zaka zambiri. La 2009 lolanga nkhanza kwa amayi, mabungwe omenyera ufulu wa amayi monga Fórum Mulher ndi WLSA sanadikire aphungu: analemba okha chikalata choyamba n'kukachitula ku Nyumba ya Malamulo. Mu Marichi 2014 amayi anaguba m'misewu ya Maputo kukana ndime imene inkalola wogwirira kupulumuka chilango ngati wakwatira amene wamugwirirayo, ndipo ndimeyo inachotsedwa. Lamulo la sukulu la 2003, lija linkasamutsira mtsikana woyembekezera ku makalasi a usiku, linathetsedwa mu 2018. Chaka chotsatira kunabwera loletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Koma ndinene zoona, amayi. Kuguba kumagwira ntchito kumene kuli makamera ndi nduna. Kuno ukaguba umadutsa pakhomo pa apongozi ako, ndipo madzulo umabwerera m'nyumba yomweyo. Nditanena zimenezi ena anaseka, ena anakwiya.

Mkangano waukulu unali pa mafumu. Atsikana ophunzira, amene nkhondo yawo amamenyera pa Facebook ndi WhatsApp, ankati nyakwawa ndiye amalandira nkhuku pa maukwati a ana, nanga tingamudalire bwanji? Mayi wina wa ku Tsangano anawakumbutsa za Inkosi Theresa Kachindamoto, kutsidya kwa malire ku Dedza konkuno. Iwo anasainitsa mafumu awo ang'onoang'ono pangano, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo mfumu yozembetsa ankaiimitsa paudindo. Ine ndinali mbali ya mayi wa ku Tsanganoyo, ngakhale atsikanawo sananame. Anamkungwi nawonso tisawasiye kunja. Mawu amene namwali amamva kutsimba amalemera kuposa a pachikwangwani, ndiye kuli bwino alangizi akhale athu kusiyana n'kuwanyoza patali.

Njira imene ndabwera nayo m'manja ndi yosachititsa kaso: kuperekezana. Mayi womenyedwa asapite yekha kupolisi. Kumeneko kuli ofesi yolandira madandaulo a nkhanza za m'banja, koma munthu ali yekha, wosadziwa Chipwitikizi, amabwezedwa ndi mawu akuti kakambiraneni kunyumba. Akapita atatu, wina atanyamula kope n'kumalemba tsiku ndi zimene zayankhulidwa, nkhope zimasintha. N'chimodzimodzi mayi wamasiye akamalandidwa munda. Lamulo la Malo la 1997 limapatsa mkazi ufulu wofanana ndi wa mwamuna, ndipo umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umalandiridwa ngakhale palibe pepala la DUAT, chikalata cha boma chosonyeza ufulu wogwiritsa ntchito malo. Ambiri m'chipindamo sitinkadziwa zimenezi. Pa nkhani za ana pali nambala yaulere, 116.

Chondidandaulitsa n'chakuti zonse zinayankhulidwa m'Chipwitikizi, womasulira n'kumadumpha zina. Mapepala amene ndabwera nawo alinso choncho.

Ndiye ndikupempha izi tikakumana Loweruka. Tisankhe amayi atatu operekeza, ndipo ndalama ya ulendo wawo ichoke m'thumba la gulu. Aphunzitsi awiri amene tili nawo atimasulire malamulo a 2009 ndi 2019 m'Chichewa, tikapemphe mphindi pa wailesi ya m'dera lathu masiku 16 olimbana ndi nkhanza asanayambe pa 25 Novembala. Za kukaonana ndi anyakwawa, atitsogolere amayi akuluakulu. Ine ndidzanyamula kope.