Sukulu za kwacha zibwere pabwalo la sukulu ya ana

Wolemekezeka Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za sukulu za kwacha. Nkhaniyi imamveka pa 8 Sepitembala, tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira kufunika kodziwa kulemba ndi kuwerenga. Akuluakulu akayankhula, amayi akavina, basi nkhani ija imakatsekeredwa m'kabati mpaka chaka chamawa. Ine ndinali mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo zaka zanga zambiri zinathera ku Sitandade 1 ndi 2, makalasi amene anzanga ambiri ankawathawa. Pempho langa ndi lakuti tileke kuona kuphunzira kwa kholo ndi kuphunzira kwa mwana ngati nkhani ziwiri zosakhudzana.

Panopa ndi mmene zilili. Mwana ali m'manja mwa Unduna wa Zamaphunziro. Mayi ake akafuna kudziwa kulemba dzina lawo, amakhala m'manja mwa unduna woona za chitukuko cha m'madera, kudzera mwa alangizi a zachitukuko. Mabuku ndi osiyana, thumba la ndalama ndi losiyana, mabwana nawonso ndi osiyana. Chonsecho madzulo anthu awiriwa amakhala pamphasa imodzi, mwana atatsegula kope, mayi akusola masamba, ndipo mwana akafunsa kuti "amayi, apa alemba chiyani?" yankho limakhala lakuti "ukafunse aphunzitsi ako mawa."

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kwa amuna chiwerengerocho chinali pafupifupi 72, kwa akazi 66. Tikamva zimenezi ambirife timaganiza za agogo amene anakula sukulu zili kutali, kapena amene makolo awo analephera kuwalipirira fizi. Koma taonani bwino. Sukulu yaulere inayamba mu 1994, ndipo chaka chimenecho ana olembetsa kupulayimale anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo. Zinali zabwino, palibe angakane. Koma ife amene tinali m'kalasi tikudziwa mmene zinalili: ana kudzaza pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pathunthu, aphunzitsi ena atangolembedwa ntchito asanapite kukoleji. Ana ambiri anafika Sitandade 3 kapena 4 n'kulekeza, akutha kuimba a, e, i, o, u koma osatha kulumikiza zilembo kuti zipange mawu. Ana amenewo lero ali ndi zaka 35 kapena 40. Ndiwo makolo a ana amene ali mu Sitandade 2 lerowa. Choncho wofunika sukulu ya kwacha masiku ano si gogo yekha. Ndi mayi wogulitsa tomato pamsika, ndi bambo wa kabaza, anthu amene ukawafunsa amanena kuti "sukulu ndinapitako," ndipo sakunama.

Kusadziwa kuwerenga kwakwera mtengo kuposa kale. Makolo athu ankavutika ikabwera kalata yochokera ku Joni, n'kukafuna mwana wa sukulu kuti awawerengere. Zimenezo zinkachitika mwa apo ndi apo. Lero kalata imabwera tsiku lililonse pafoni. Ndalama zikalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, amene sadziwa kuwerenga amapereka foni kwa wina, ndipo ena amatchula ngakhale nambala yachinsinsi. Ku banki mkhonde mlembi akalakwitsa kapena akalakwitsa dala, mwini masheya amangogwedeza mutu. Pabotolo la mankhwala ophera mbozi pali muyeso wake, m'buku la kusikelo muli tsiku la katemera, papepala la ngongole pali chiwongoladzanja. Munthu amadinda chala pa zinthu zimene sanazione.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi mwana. Kuyambira 2016 boma lakhala ndi ndondomeko yapadera yophunzitsa ana kuwerenga kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, ndipo aphunzitsi ambiri anaphunzitsidwa njira zatsopano. Posachedwapa m'sukulu zina mwalowanso matabuleti. Zonsezi n'zoyamikika. Vuto ndi lakuti mwana wa Sitandade 1 amaweruka msanga, ndipo m'kalasi ya ana oposa 100 mwina sabata yonse imatha mphunzitsi asanamumve akuwerenga payekha. Nthawi yotsalayo ali pakhomo. M'zaka zanga zonse ndinkatha kuzindikira msanga ana amene kunyumba kwawo kuli munthu wowamvetsera. Sanali ana a anthu olemera ayi. Nthawi zambiri anali ana amene mayi awo amawerenga buku la nyimbo la kutchalitchi, kapena amene mlongo wawo wamkulu amawakhazika pansi. Kholo silifunika kukhala ndi MSCE kuti lithandize mwana wa Sitandade 2. Likungofunika kutha kuona kuti mwana wanena "mbale" pamene palembedwa "mbala," n'kumuuza kuti abwereze.

N'chifukwa chake ndikuti sukulu za kwacha zibwere pabwalo la sukulu ya ana. Zipinda za makalasi a ana aang'ono zimakhala zopanda anthu masana onse, pamene ophunzira akuluakulu akukhala pakhonde la tchalitchi kapena pansi pa mtengo wa mango, mvula ikagwa n'kubalalika. Apatseni zipindazo. Ndipo mwa masiku amene amakumana pasabata, tsiku limodzi kholo lizibwera ndi mwana wake, buku lizikhala la mwanayo. Mayi amene akuphunzira mawu omwewo amene mwana wake waphunzira m'mawa amapeza mnzake wobwereza naye kunyumba, ndipo mwana akaona kuti akutha kuwongolera mayi ake amalimba mtima modabwitsa. Magulu a amayi oyang'anira atsikana alipo kale m'sukulu zambiri, makomiti a makolo aliponso, sukulu za mkombaphala nazo zimasonkhanitsa amayi m'mawa uliwonse. Anthu oyambira ntchitoyi sitikusowa.

Ndikudziwa ena anena kuti aphunzitsi a kupulayimale atopa kale, tisawasenzetse katundu wina. Ndikugwirizana nawo, ndipo sindikupempha kuti iwo aziphunzitsa masana. Aphunzitsi a kwacha alipo. Ntchitoyi inayamba kalekale, ndipo mu 1986 inakhazikitsidwa kukhala ndondomeko ya dziko lonse. Chimene chawafooketsa anthuwa ndi chodziwika: amatchedwa odzipereka, amalandira kangachepe kongoti agulire sopo, ndipo kangachepeko kamatha miyezi kasanabwere. Munthu ali ndi banja, ali ndi munda. Akasiya kalasi n'kupita kuganyu, tingamunene? Ngati tikufunadi kuti ntchitoyi iyende, malipiro awo azibwera mwezi ndi mwezi monga a wina aliyense, ndipo pamene aphunzitsi a Sitandade 1 akuphunzitsidwa njira zatsopano kumalo a zoni, iwonso aziitanidwa.

Pali nkhani ya abambo, imene timaizemba. Lowani m'kalasi ya kwacha iliyonse, mupeza zitenje zokhazokha, mwina bambo mmodzi wokalamba atakhala kumbuyo. Si kuti abambo onse amadziwa kuwerenga. Ndi manyazi. Bambo sangalole kuti alephere kulemba dzina pabolodi apongozi ake akuona. Kuwanyoza sikungathandize. Ndaona abambo omwewo akubwera mwaunyinji kumsonkhano wa kalabu ya alimi, chifukwa kumeneko akukamba za fetereza ndi mitengo ya soya. Ndiye bwanji osayambira pomwepo? Kalasi yawoyawo, nthawi yawoyawo, phunziro loyamba likhale kuwerenga sikelo ya wogula mbewu ndi lisiti ya ku okushoni. Ndiponso kunena kuti "ndikuperekeza mwana kukawerenga" n'kosavuta pakamwa pa bambo kusiyana ndi kunena kuti "ndikupita ku kwacha." Mafumu akhoza kuthandiza kwambiri pamenepa, osati ndi chindapusa cha nkhuku, koma iwo eni kukakhala pabenchi tsiku loyamba.

Nyengo nayo tiziiganizira. Kalasi yoyembekezera anthu mu Disembala ndi Januwale, nthawi yobzala ndi kupalira, njala ili pakhomo, imangotsala ndi mphunzitsi yekha. Maphunziro alimbe kuyambira pokolola mpaka mvula yoyamba.

Chomaliza chikukhudza inu a nyuzi. Munthu akamaliza kwacha n'kulandira satifiketi, amawerenga chiyani? M'midzi yambiri Chichewa cholembedwa chimapezeka m'Baibulo, m'buku la nyimbo ndi pazikwangwani za nthawi ya chisankho basi. Kuwerenga kuli ngati khasu, ukalisiya padera limachita dzimbiri, ndipo ndikudziwa amayi amene anamaliza bwinobwino koma patapita zaka zingapo anabwerera kudinda chala. Malaibulale a boma ali m'matauni ndi m'maboma, kutali ndi anthu amenewa. Bokosi limodzi la mabuku a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao pasukulu iliyonse, lobwereketsa kwa makolo kudzera mwa ana awo, silingagwetse chuma cha dziko. Inunso, Mkonzi, patulani tsamba limodzi pasabata la zilembo zikuluzikulu ndi mawu osavuta: mitengo ya pamsika, uthenga wa zaulimi, nthano yoti kholo ndi mwana awerengere limodzi. Nyuzi zimene zatsala osagulidwa zipite kumakalasi a kwacha m'malo mokakulungira zitumbuwa.

Kwa makhansala athu ndi aphungu, pamene mukukambirana za ndalama za chitukuko za chaka chino, funsani kuti m'dera lanu muli makalasi a kwacha angati amene akukumanadi, aphunzitsi ake analandira liti komaliza, ndiponso ngati mlangizi wa zachitukuko ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi anakhalapo pansi limodzi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Dedza