Kalata kwa makasitomala athu: kusintha kwa kagulitsidwe ka mitengo ya magnolia

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira kumayambiriro kwa mwezi wamawa, nazale yathu ya kuno ku Blantyre ileka kugulitsa kapena kubwereketsa mitengo ya magnolia yoti izikhala m'nyumba, m'maofesi ndi m'malo ofikira alendo. Mitengoyi tipitiriza kuigulitsa, koma kwa okhawo amene akukaibzala panja kapena kuiika mumphika pakhonde lofika dzuwa, ndipo tisanalandire ndalama tiziyamba tafunsa za malo amene mtengowo ukakhale. Tikudziwa kuti ena mwa inu nkhaniyi siikusangalatsani, makamaka amene munazolowera kuona masamba ake onyezimira pabalaza kapena polowera mu ofesi, n'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kufotokoza bwino chimene chatichititsa.

Cholakwa ndi chathu. Kwa nthawi ndithu takhala tikulandira mitengo yobwezedwa ili ndi matenda ofanana: masamba akuchita chikasu n'kumayoyoka kuyambira m'munsi, nthambi zatsopano zili zoonda ndi zopendekera kuzenera, duwa ngakhale limodzi osaoneka. Poyamba tinkaganiza kuti vuto ndi madzi kapena nthaka, moti ena tinakulangizani kuthira feteleza, langizo limene pano tikuchita nalo manyazi. Chimene chinatitsegula maso n'chakuti mitengo yomweyo, tikaiika panja kunazale kwa miyezi ingapo popanda mankhwala alionse, yambiri inkaphukiranso bwinobwino.

Mtundu umene timagulitsa kwambiri ndi Magnolia grandiflora, wa maluwa oyera akuluakulu onunkhira ndi masamba okhuthala, ofiirira kunsi kwake. Kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la United States, kumene umakula mpaka kupitirira mamita 20. Timagulitsanso mtundu wake waufupi wotchedwa Little Gem, ndipo ndi umenewu unatisocheretsa tonse, pakuti chifukwa choti umakwana mumphika tinkauyesa duwa la m'nyumba. Kufupika kwake sikuchepetsa dzuwa limene umafuna. Kuti magnolia amasule maluwa ambiri, amafuna dzuwa lomuwomba mwachindunji maola pafupifupi 6 tsiku lililonse. Pamthunzi wapang'ono amakula ndithu, koma nthambi zimatalikirana ndipo maluwa amachepa. Pamthunzi wa tsiku lonse amangokhalira kufooka.

Maso athu amatinamiza pa nkhani ya kuwala, chifukwa amazolowera msanga malo alionse. Chipinda chimene ife timati n'chowala kwambiri, kwa mtengo ndi mdima. Akatswiri amayeza kuwala ndi muyeso wotchedwa lux: panja masana dzuwa likuswa mtengo, kuwala kumafika pa 100,000 lux, pamene mu ofesi yoyatsa magetsi bwino kumangokhala pakati pa 300 ndi 500. Ngakhale pafupi ndi zenera, mukangosuntha mphika mita imodzi kapena awiri kulowa mkati, kuwala kumatsika kwambiri, ndipo makatani, zitsulo za pazenera ndi denga la khonde zimachotsakonso gawo lina. Mtengo umapanga chakudya chake m'masamba pogwiritsa ntchito kuwala, choncho feteleza sangalowe m'malo mwa dzuwa. Pali chinanso chimene chimapha mitengo yambiri ya m'nyumba. Mtengo wosowa kuwala umamwa madzi pang'ono, nthaka ya mumphika imakhala chinyowere, ndipo mizu ya magnolia, imene ndi yofewa ndi yaminofu, siichedwa kuola. Mwini wake poona masamba akufota amawonjezera madzi, osadziwa kuti akufulumizitsa imfa ya mtengo wake.

Kubzala panja nakonso kumafuna kusankha malo mwanzeru, ndipo apa tikupempha kuti mutimvetsere bwino, chifukwa malangizo ambiri amene mumawerenga pa intaneti analembedwera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa limadutsa chakum'mwera. Ife tili kum'mwera kwa equator, mzere wongoganizira umene umagawa dziko lapansi pakati, ndi madigiri pafupifupi 16, kotero m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo limakhala lotsika. Mbali ya kumpoto kwa nyumba ndiyo imalandira dzuwa lochuluka m'nyengo imeneyi, pamene kuseri kwa khoma la kum'mwera kumatha kukhala mthunzi pafupifupi tsiku lathunthu. Munthu akayang'ana malo omwewo mu Novembala kapena mu Febuluwale, pamene dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, amaganiza kuti wapeza malo abwino, koma chisanu chikafika mtengo umapezeka uli mumdima. Onjezeraniponso masiku a chiperoni, pamene mitambo ndi mvula yowaza zimaphimba mzinda kwa masiku angapo otsatizana.

Mapiri athu nawonso ali ndi gawo lake. Amene muli m'tsinde mwa Soche, Ndirande kapena Michiru mukudziwa kuti, malinga ndi mbali imene nyumba yanu ili, dzuwa limachedwa kukufikani m'mawa kapena limalowa msanga madzulo. M'mapoloti ambiri mthunzi umachokeranso ku mpanda wautali wa njerwa, ku mtengo wa mango wakalekale, kapena ku bulugama wa oyandikana nawo, amene simungamudule. Kumadera otsika ndi otentha monga ku Chileka ndi ku Lunzu vuto limatembenuka, pakuti dzuwa la masana la mu Okutobala limatha kuwaula masamba a kamtengo kongobzalidwa kumene. Kumeneko malo abwino ndi olandira dzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kukhala ndi kamthunzi pang'ono chakumadzulo, ndipo nthaka ya patsinde iziphimbiridwa ndi udzu kapena masamba ouma chifukwa mizu ya mtengowu imayenda pamwambamwamba. Musaubzalenso mogundana ndi khoma. Usiyireni mamita angapo, poti ukakula umatambalala.

Kuti tithandizane posankha malo, tikupempha kuti musanabwere kudzagula musankhe tsiku lopanda mitambo, muike mwala kapena chikhomo pamene mukufuna kubzala, ndipo muziyang'anapo ola lililonse kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, n'kuwerenga maola amene dzuwa laombapo. Mutiuzenso mbali ya nyumba imene malowo ali. Ngati maolawo sakufika 4, tidzakuuzani mosabisa kuti Magnolia grandiflora sakuyenera pamenepo, ngakhale zitanthauze kuti tsiku limenelo sitigulitsa kanthu. Pamalo otere, komanso pakhonde lolandira dzuwa la m'mawa lokha, tingakupatseni Magnolia figo, chitsamba chochokera ku China chimene chimapirira mthunzi wapang'ono, ndipo timaluwa take tating'ono timanunkhira ngati nthochi yakupsa. Nachonso si cha m'chipinda.

Amene muli kale ndi magnolia m'nyumba, chonde musamutulutsire padzuwa lowawa tsiku limodzi. Masamba amene anakulira mumthunzi amapsa msanga. Yambani ndi kumuika panja pamthunzi wa mtengo wina kwa masiku angapo, kenako alandire dzuwa la m'mawa ola limodzi kapena awiri, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu. Masamba ena adzayoyokabe, koma zimenezo zisakudetseni nkhawa malinga ngati nsonga za nthambi zili zobiriwira. Muzithirira pokhapokha nthaka ya pamwamba ikauma, ndipo feteleza adikire kufikira mphukira zatsopano zitaoneka. Ngati mulibe malo panja, tibweretsereni mtengowo ndipo tidzakusinthirani ndi maluwa opirira m'nyumba, monga sansevieria kapena peace lily, popanda kulipira china chilichonse. Amene tili nanu pa mgwirizano wosamalira maluwa a mu ofesi, anyamata athu adzasintha okha akabwera paulendo wawo wotsatira.

Chokhacho chimene tipitirize ndi kubwereketsa magnolia wa mumphika wokongoletsera paukwati, pachinkhoswe kapena pamsonkhano, chifukwa masiku awiri kapena atatu m'holo sangauwononge mtengo, bola ubwerere panja mwambo ukangotha. Mitengo yogulira mbande zathu siinasinthe. Amene muli ndi mafunso, kapena mukufuna kuti mmodzi wa ife adzaone malo anu musanabzale mvula ikayamba, tipezeni kunazale masiku onse a ntchito.

Ndife anu,
Eni ake ndi ogwira ntchito pa nazale