Tisamagule mabainokyula pongotengeka ndi manambala akuluakulu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yathuyi pa nkhani ya mabainokyula, magalasi aja oonera zinthu zakutali, chifukwa ndaona kuti aphunzitsi oyang'anira magulu a ana osamalira zachilengedwe m'sukulu, achinyamata amene akuphunzira ntchito yoperekeza alendo m'nkhalango, ngakhalenso mabanja amene ayamba kukonda zokaona nyama ku Liwonde, ku Majete kapena ku Nyika, akutaya ndalama pogula zinthu zimene sizingawathandize. Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo malo monga nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1996, ndi dambo la Elephant Marsh la m'chigwa cha Shire, limene linalowa m'kaundula yemweyo mu 2017, ndi odziwika kwa anthu okonda mbalame akunja. Eni dzikofe tikafuna kuona nawo zimenezi timafunika chida chabwino, koma chiyambire pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chakwera mtengo kwambiri, moti munthu sangakwanitse kugula kawiri. Maganizo anga ndi akuti mabainokyula otsika mtengo koma abwino alipo, ndipo amene amatisocheretsa ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni.

Pa mabainokyula alionse pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 8x42. Nambala yoyambayo imanena mphamvu yokokera chinthu pafupi, kutanthauza kuti mvuu imene ili pa mtunda wa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Nambala yachiwiriyo ndi kukula kwa mandala akutsogolo m'mamilimita, ndipo mandala amenewa ndiwo amalowetsa kuwala. Wogula wosadziwa amaganiza kuti nambala yoyamba ikakula ndiye kuti wapeza chinthu champhamvu, ndipo ogulitsa ena m'misika ndi pa intaneti amadziwa bwino kufooka kwathu kumeneku. N'chifukwa chake timaona timabainokyula tokwana m'thumba la malaya titalembedwa 60x60 kapena 80x80, pamene munthu akayeza mandala ake ndi rula amapeza kuti sakufika n'komwe pa mamilimita 60. Ena amalembanso kuti mabainokyulawo amaona usiku, chonsecho mulibe batire kapena chida chilichonse chamagetsi chimene chingachititse zimenezo. Ngati wopanga wanama pa chinthu chimene ngakhale mwana wa pulayimale angathe kuchiyeza, sindikuona chifukwa chomukhulupirira pa zam'kati zimene sitingazione.

Ngakhale manambalawo akanakhala oona, mphamvu yochuluka siithandiza munthu amene wagwira mabainokyula m'manja. Chida chimene chikukuza mbalame kakhumi chikukuzanso kakhumi kunjenjemera kwa manja athu, ndipo mphamvu ikapitirira 10 kapena 12, chithunzi chimagwedera kwambiri moti pamafunika choikapo cha miyendo itatu. Chinanso n'chakuti mphamvu ikakula, malo amene munthu akuona amachepa. Mabainokyula abwino a 8x42 amaonetsa dera lotambasuka mamita oposa 110 pa mtunda wa mamita 1,000, ndipo ena amafika mamita 140. Zimenezi n'zofunika kwambiri m'nkhalango zowirira monga za pa phiri la Zomba kapena la Mulanje, kumene kambalame kamatera pa nthambi kamphindi kochepa n'kuuluka, ndipo amene ali ndi mabainokyula oona malo ochepa amangotha nthawi akusakasaka masamba. Pa chifukwa chimenechi ine ndimalangiza 8x42 kapena 8x40 kwa munthu amene akufuna chida chimodzi chogwira ntchito paliponse. Amene amakonda malo opanda mitengo yambiri, monga m'mapiri a udzu a ku Nyika kumene ntchefu ndi mbidzi zimaonekera patali, akhoza kusankha 10x42 ngati manja ake sanjenjemera. Mabainokyula amene mphamvu yake imasinthidwa, olembedwa manambala ngati 10-30x50, ndi bwino kungowasiya, chifukwa akakhala otsika mtengo amaonetsa malo ochepa, amachita mdima mphamvu ikakwezedwa ndiponso sachedwa kusokonekera m'kati.

Pali kasamu kakang'ono kamene wogula aliyense ayenera kukadziwa. Mukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba mumapeza kukula kwa kadontho ka kuwala kamene kamatuluka kumbuyo n'kulowa m'diso. Pa 8x42 kadonthoko ndi mamilimita 5.25, pa 10x50 ndi mamilimita 5, pamene pa 10x25 ndi mamilimita 2.5 okha. Masana dzuwa likuswa mtengo mwana wa diso amakhala wamng'ono, wa mamilimita awiri kapena atatu, choncho ngakhale timabainokyula tating'ono timaoneka ngati tikugwira bwino ntchito pamene munthu akutiyesa pa khonde la sitolo. Koma nyama ndi mbalame zambiri zimayendayenda m'bandakucha ndi chakumadzulo, nthawi imene mwana wa diso amakula kufika mamilimita asanu kapena kuposerapo, ndipo m'pamene munthu amazindikira kuti zimene anagula zikumuonetsa mdima wokhawokha. Asodzi ndi oyendetsa mabwato pa nyanja ya Malawi angachite bwino kusankha 7x50, amene ndi otchuka kwa amalinyero padziko lonse, chifukwa kadontho kake ka kuwala kamapitirira pang'ono mamilimita 7 ndipo mphamvu yake yocheperayo imathandiza kuti chithunzi chisamagwedere kwambiri bwato likamakankhidwa ndi mafunde a mwera.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhani ya mtengo. M'kati mwa mabainokyula muli timagalasi ta ngodya totchedwa prism, timene timatembenuza chithunzi kuti chisaoneke chozondoka. Pali mapangidwe awiri. Akalekale aja, amene mandala akutsogolo amakhala otalikirana kuposa a kumaso moti chidacho chimaoneka ngati chili ndi mapewa, amatchedwa Porro, potengera dzina la Ignazio Porro wa ku Italy amene anatulukira njirayi m'zaka za m'ma 1850. Enawo, oongoka ngati mipope iwiri, amatchedwa roof prism, ndipo ndiwo amaoneka amakono. Vuto n'lakuti kuti mtundu wachiwiriwu uonetse bwino, timagalasi take timafunika kudulidwa mwaluso kwambiri ndi kupakidwa mankhwala apadera, zimene zimakweza mtengo. Mtundu wa Porro sufuna zonsezi. Choncho pa ndalama zofanana, makamaka zikakhala zochepa, kawirikawiri a Porro amaonetsa chithunzi chowala ndi chomveka bwino kuposa anzawowo, ngakhale kuti amakhala akuluakulu ndipo ambiri mwa iwo amalowa madzi. Makampani odziwika monga Nikon, Celestron ndi Bushnell amapanga a Porro amene kunja amagulitsidwa pa mtengo wosatalikirana ndi madola 100, pamene apamwamba a Swarovski, Zeiss kapena Leica amatha kupitirira madola 2,000. Sindikunena kuti amafanana ayi, koma mwana wa sukulu wofuna kusiyanitsa nantchengwa ndi kakowa, kapena kuona mutu woyera wa nkhwazi m'mbali mwa Shire, sakusowekera apamwambawo.

Ngati n'kotheka, musapereke ndalama musanawagwire m'manja. Poyamba atalikitseni kwa inu, mkono utatambasuka, n'kuwalozetsa ku khoma loyera kapena kumwamba kumene kulibe dzuwa, ndipo muyang'ane kadontho ka kuwala kali pa mandala a kumaso. Kakakhala kozungulira bwinobwino ndi kowala paliponse, timagalasi ta m'katimo ndi tabwino, ndipo nthawi zambiri pa katoni pamalembedwa BaK-4. Kakaoneka ngati kali ndi ngodya zinayi zotuwa m'mbali, ndi mtundu wotsikirapo wa BK-7. Kenako yang'anani mandala akutsogolo. Abwino amaoneka obiriwira pang'ono kapena ofiirira mosaonekera kwambiri, ndipo simudzionamo nkhope yanu bwinobwino. Aja ofiira piriwiri kapena onyezimira ngati kalilole amakopa maso pa shelefu, koma kuwala kumene akukubwezerani kumaso ndi kumene kukanalowa m'diso lanu, ndipo zinthu zimaoneka zobiriwira modabwitsa. Mawu oyenera kuwafufuza pa katoni ndi akuti fully multi-coated, kutanthauza kuti mandala onse anapakidwa kangapo mankhwala othandiza kuti kuwala kuzidutsa m'malo mobwerera.

Chiyeso chachikulu pa zonse ndi chofuna kudziwa ngati mbali ziwirizo zikuloza malo amodzi. Sankhani chinthu choongoka chakutali, monga waya wa magetsi kapena denga la nyumba, muchiyang'ane, kenako musunthe mabainokyulawo pang'onopang'ono kuchoka kumaso kwinaku mukuyang'anabe. Wayayo akaoneka wodukizana, mbali ina pamwamba ina pansi, ndiye kuti timagalasi ta m'kati tinasuntha. Maso athu amayesetsa kugwirizanitsa zithunzi ziwirizo, n'chifukwa chake vutoli silionekera msanga, koma pakapita mphindi zochepa munthu amayamba kumva mutu ndi kukoka kwa maso. Mabainokyula otero asiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani, chifukwa kuwakonza kumafuna zida zapadera. Onaninso ngati kagudumu kapakati kakuzungulira mosalimba komanso mosakhwepa, ndiponso ngati kamkombero ka kudiso lakumanja kakugwira ntchito. Kamkombero kameneka ambiri sakadziwa. Mumatseka mandala akumanja ndi chikhatho n'kukonza chithunzi ndi kagudumu kapakati, kenako mumatseka akumanzere n'kukonza ndi kamkombero kokhako, ndipo mukatero maso onse awiri amaona mofanana ngakhale lina litakhala lofooka. Ovala magalasi a maso afufuze nambala ya eye relief, kutanthauza mtunda umene diso lingatalikire ku mandala a kumaso n'kumaonabe chithunzi chonse, imene iyenera kukhala mamilimita 15 kapena kuposerapo, apo ayi aziona kachigawo kakang'ono ka pakati pokha.

Ambiri a ife timadalira abale amene ali ku Johannesburg kapena ku Britain kuti atigulire, ndipo imeneyi ndi njira yabwino malinga tikawauza manambala enieni m'malo mongoti "mundigulire amphamvu". Ogwiritsidwapo kale ntchito nawonso si oipa, ndipo akale ambiri a Porro opangidwa ku Japan adakali olimba mpaka lero. Chofunika n'kuwatembenuza, kusuzumira cha kumandala akutsogolo powala, n'kuona ngati m'katimo mulibe timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Imeneyo ndi nkhungu, ndipo ikakhalitsa imadya mankhwala opakidwa pa galasi mosabwezeka. Kwathu kuno nkhungu ndi mdani weniweni m'nyengo ya dzinja, makamaka kunyanja ndi kumadera a mvula yambiri monga Nkhata Bay ndi Mulanje. Amene amagwira ntchito kunja tsiku ndi tsiku angachite bwino kuonjezera ndalama n'kugula osalowa madzi, odzazidwa mpweya wa nitrogen, amene sachita nthunzi m'kati. Enafe tingosamala posawatsekera m'chikwama chake akadali onyowa, ndi kuwasunga pamalo ouma podutsa mpweya. M'chilimwe vuto ndi fumbi, ndipo chizolowezi chopukuta mandala ndi nsonga ya malaya chawononga mabainokyula ambiri, popeza timchenga timakanda galasi. Uzirani kaye fumbilo kapena lichotseni ndi kaburashi kofewa, kenako mupukute ndi kansalu kake.

Kwa akuluakulu a sukulu ndi mabungwe monga Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene amathandiza magulu a ana, ndikupempha kuti pogulira ana aziganizira 8x30 kapena 8x32. Mabainokyula a 8x42 amalemera magalamu 600 kapena kuposerapo, ndipo mwana wa sitandade 5 amatopa nawo msanga. Komanso maso a ana ndi oyandikana, choncho muyese ngati mbali ziwirizo zikupindika mokwanira kuti mwanayo aone bwalo limodzi osati awiri. Ndi bwino kugula ochepa abwino oti ana azibwerekana kusiyana ndi kudzaza katoni ya zidole. Ndipo tsiku loyamba, mwana asanawagwire n'komwe, auzidwe mwamphamvu kuti asadzayerekeze kuyang'ana nawo dzuwa, chifukwa mandalawo amasonkhanitsa kuwala konse pamalo amodzi ndipo diso likhoza kupsa m'kanthawi kochepa osadzachiranso.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Zomba