Musanamuweruze Anthony Edwards, tiuzeni zimene anachita m'bwalo

Akonzi,

Ndine mmodzi wa anthu amene akagula nyuzipepala yanu amayambira kumapeto, pa tsamba la zamasewero, zandale n'kudzaziona pambuyo. Ndinakondwa kwambiri pamene munayamba kupatsako malo basketball, chifukwa kale tsamba lonse linkathera mpira wamiyendo. N'chifukwa chake zimene munasindikiza sabata yatha zokhudza Anthony Edwards wa Minnesota Timberwolves, timu ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, zandikhala pamtima mpaka ndati ndikulembereni.

Alembi anu anati mnyamatayu ndi wamwano, wodzimva, ndipo sadzapita patali akapanda kusintha khalidwe. Mfundo inali yomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kumangoibwereza ndi mawu ena. Ndinawerenga kawiri, ndikufufuza gemu imodzi yokha imene alembiwo anaitchula, koma sindinaipeze. Munalibe tsiku, munalibe dzina la timu imene anakumana nayo, munalibe chigoli. Chimene chinalimo ndi nkhope yake, kaseka kake, ndi pakamwa pake.

Loweruka nyuzipepalayo inayenda m'manja mwa anthu pabwalo pamene timakumana. Ine kuthamanga ndinasiya, mawondo anakana, koma ndimapitabe ndi wezulo yanga kukaimbira anyamata. Titamaliza, anthu ali chikhalire pansi akumasula zingwe za nsapato, mkangano unabuka. Achikulire ena, anzanga a kalekale amene tinkaonera nawo Michael Jordan pa matepi a vidiyo, anamenya pepalalo ndi chala n'kunena kuti, "Apa alemba zoona. Mwana ameneyu alibe mwambo." Mnyamata wina wovala jezi ya nambala 5, nambala ya Edwards, anadzuka thukuta lili kamukamu, nati, "Madala, inu mumangodana ndi aliyense amene sali Jordan." Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chinandimvetsa chisoni n'chakuti onse awiri analibe chogwira m'manja. Nkhani imene amakanganirana sinawapatse kanthu koti ayezere mawu awo, ndiye wina amangoti "ndi wamwano", winayo "ndi dolo", basi.

Ndisaname, zolakwa mnyamatayu ali nazo, ndipo alembi anu akanazitchula bwinobwino ndikanawaombera m'manja. Mu September 2022 bungwe la NBA linamulipiritsa madola 40,000 chifukwa cha mawu onyoza anthu amene analankhula mu kanema wa pa Instagram, ndipo anapepesa. Mu February 2025, akusewera ndi Los Angeles Lakers, oimbira anamutulutsa m'bwalo, iye potuluka n'kuponya mpira kwa anthu oonerera. Tsiku limenelo ma technical foul ake, zilango zimene oimbira amapereka chifukwa cha khalidwe losayenera, anakwana 16, ndipo lamulo la NBA limati wosewera akafika pamenepo m'sizoni imodzi akhale panja gemu yotsatira. Anzake anakasewera ndi Utah Jazz popanda iye. Ameneyu ndiye mlandu weniweni: kupsa mtima kwako kukachititsa kuti anzako alowe m'bwalo opanda mtsogoleri wawo, walakwira timu, osati oimbira okha. Zinanso zimene sindinagwirizane nazo ndi zimene ananena mu 2024, zoti m'nthawi ya Jordan osewera ena onse analibe luso. Munthu amene anaonapo mapazi a Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos amene anapatsa Houston chikho mu 1994 ndi 1995, kapena mapasi a Magic Johnson, sangalankhule choncho. Anaphonya, ndipo akuluakulu anamuyankha moyenera.

Koma khalidwe la wosewera silithera pakamwa. Ndaphunzitsa ana basketball kusukulu kwa zaka zambiri, ndipo pali anyamata awiri amene sindiwaiwala. Woyamba anali waulemu kwabasi. Ukamulankhula amagwira manja kumbuyo, "Chabwino aphunzitsi," "Ndamva aphunzitsi." Koma timu ikaluza mpira, iye ankabwerera kumbuyo akuyenda, anzake anayi akuvutika ndi adani asanu. Wachiwiri anali wapakamwa, woti oimbira akaliza wezulo iye manja m'mwamba kale. Ndinamukhazika pabenchi kangapo chifukwa cha zimenezi, ndipo tsiku lina analira ndi mkwiyo atafundira jezi kumutu. Koma m'mawa mwake ndinamupeza pabwalo yekhayekha, atasesa kale mchenga, akuponya mpira ndi dzanja lamanzere chifukwa ndinali nditamuuza kuti adani amudziwa kuti amapita kumanja kokha. Amene anandimvera ndi uti pa awiriwa? Woyamba ankandipatsa ulemu, wachiwiri ankandipatsa ntchito. Pakamwa pake ndinalimbana napo mpaka anamaliza sukulu, koma sindinakayikepo kuti amalemekeza masewerowo.

Ndiye tiyeni timuyeze Edwards ndi muyezo umenewo.

Asanasankhidwe kukhala woyamba pa draft ya 2020, mwambo umene matimu a NBA amasankhirapo osewera atsopano, anakayesedwa ndi Golden State Warriors, ndipo mphunzitsi wawo Steve Kerr anamuuza maso ndi maso kuti sakulimbikira mokwanira. Nkhaniyi amaifotokoza ndi Edwards mwiniwake, ndipo amati mawu amenewo anamusintha. Wodzimva weniweni safalitsa nkhani ya tsiku limene anadzudzulidwa. Patapita zaka, Kerr yemweyo anamuphunzitsa mu timu ya dziko la America, ku World Cup ya 2023 ndi ku Olympics ya ku Paris mu 2024 kumene anatenga mendulo ya golide.

Onaninso kakweredwe ka mapointi ake pa gemu m'masizoni asanu oyamba: 19.3, kenako 21.3, 24.6, 25.9, mpaka 27.6. Palibe chaka chimene anabwerera m'mbuyo. Atangolowa mu ligi anthu ankati ndi wamphamvu ndi wodumpha, koma kuponya patali sakhoza. Mu sizoni ya 2024-25 anamwetsa mipira ya mapointi atatu yokwana 320, kuposa wina aliyense mu NBA chaka chimenecho, Stephen Curry, katswiri woponya patali, ali momwemo. Dzanja silisintha chonchi ndi matama. Limasintha ndi kuponya mipira mazanamazana m'holo mopanda oonerera, nthawi imene anzako ali kutchuthi. Ndiponso m'nthawi ino imene akatswiri ambiri amapumitsidwa magemu ali bwinobwino, iye anasewera magemu 79 pa 82 kwa masizoni atatu otsatizana, ndipo ananenapo poyera kuti sakondwera ndi osewera opuma chisawawa, poti pali anthu amene amasunga ndalama kuti adzaonere gemu imodzi yokha. Kodi zimenezi si khalidwe?

Gemu imene ndikanakonda alembi anu akanaionera ndi ya pa 19 May 2024, yachisanu ndi chiwiri komanso yomaliza pakati pa Denver Nuggets ndi Minnesota mu ndime yochotsana, ku Denver komweko. Ndinadzuka pakati pa usiku kuti ndiione, ndipo kumayambiriro kwa chigawo chachiwiri ndinatsala pang'ono kukagona, chifukwa Denver, amene anali ndi chikho m'manja ndiponso katswiri wawo Nikola Jokić m'bwalo, anali patsogolo ndi mapointi 20. Edwards dzanja linali litamukana. Usiku wonsewo anaponya mipira 24, inalowa 6 yokha. Wosewera wodzikonda zikamuvuta chonchi amachita chimodzi mwa ziwiri: amapitiriza kuponya mwaliuma kuti apulumutse dzina lake, kapena amagwetsa mapewa n'kusiya kuthamanga. Iye anatenga ntchito yomaka Jamal Murray, amene anali atawazunza m'chigawo choyamba, n'kumumatirira ngati nkhupakupa. Adani akamuzungulira awiri ankaupereka mpira kwa Karl-Anthony Towns, Jaden McDaniels ndi anzake ena. Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Minnesota inapambana 98 kwa 90 ndipo inafika mu fainolo ya matimu a kumadzulo koyamba chichokereni 2004, m'masiku a Kevin Garnett. Inde, gemu ikutha Edwards anabayibitsa ochemerera a Denver, ndipo chithunzi chimenecho n'chimene chinafala. Koma amene anaona chithunzi chokha sanaone mphindi zimene zinachibala.

Miyezi iwiri izi zisanachitike, ku Indiana, anathamanga bwalo lonse m'masekondi omaliza kukatchinga mpira umene ukanafananitsa zigoli, n'kudumpha mpaka kumenyetsa mutu ku ring'i, kugwa pansi ngati thumba. Anali atagoletsa kale mapointi 44 tsiku limenelo. Akanaima n'kuonerera palibe akanamunena.

Za kulankhula kwake m'bwalo, tizisiyanitsa mwano ndi mpikisano. Pamene Minnesota inatulutsa Phoenix Suns mu 2024 popanda kuluza gemu ngakhale imodzi, Edwards anagoletsa pamaso pa Kevin Durant n'kumulankhula mawu, Durant n'kumangomwetulira. Aliyense wotsatira masewerowa akudziwa kuti Durant ndiye wosewera amene Edwards anakula akumusirira, ndipo sabisa zimenezi. Kwa ife amene tinaleredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, zimatiwawa kuona. Inenso zimandiwawa, ndipo ana anga pabwalo sindiwalola. Koma basketball ya ku America inakulira m'mabwalo a m'misewu momwe kunyogodolana ndi mbali ya masewero, ndipo Larry Bird ndi Jordan amene achikulire anzanga amawatamanda anali akatswiri pa zimenezi. Mlembi wabwino akanatifotokozera kusiyana kumeneku, kenako n'kutiuza pamene iye akuona kuti malire adumphidwa.

Pali chinanso chimene ndikuchitchula mosamala, chifukwa sindifuna kuti chisoni chikhale chophimbira zolakwa. Nambala 5 imene amavala si yokongoletsa. Mayi ake ndi agogo ake aakazi anamwalira ndi khansa m'chaka chimodzi, 2015, motalikirana miyezi yowerengeka, onse pa tsiku lachisanu la mwezi, iye asanakwanitse zaka 15. Anamulera ndi achibale ake akuluakulu ku Atlanta. Izi sizifafaniza technical foul ngakhale imodzi. Koma munthu amene ukulemba za mtima wake, uyambe wadziwa kumene wachokera. Alembi anu anati mnyamatayu sanaonepo mavuto n'chifukwa chake amatumbwa. Chiganizo chimenecho chokha chinandiuza kuti sanafufuze.

Chodandaulitsa n'chakuti nkhani yodzudzula Edwards yomveka ilipo, ndipo ikudikira woilemba. Minnesota inafika mu fainolo ya kumadzulo kawiri motsatizana n'kugwa kawiri konse ndi magemu 4 kwa 1: kwa Dallas Mavericks mu 2024, ndi kwa Oklahoma City Thunder mu 2025. Chifukwa chiyani? Ndi Dallas ankaoneka wotopa, miyendo italemera pambuyo pa nkhondo ya ku Denver. Ndi Oklahoma City anamutsekera njira yopita ku ring'i, Luguentz Dort ndi Alex Caruso akusinthana pomumaka, wina akudikira kumbuyo, ndipo panali nthawi zimene ankasowa m'gemu timu ikumufuna. Kodi vuto ndi iye kuchedwa kuwerenga adani akamubwerera awiri? Kodi ndi mphunzitsi Chris Finch amene sanamupezere njira zina zolandirira mpira? Kodi kusinthanitsa Towns ndi Julius Randle ndi Donte DiVincenzo kunamuthandiza kapena kunamuwonjezera katundu? Mafunso amenewa akanakhala m'nyuzipepala yanu, mkangano wathu wa Loweruka ukanakhala wa anthu ophunzirapo kanthu, ndipo achikulire aja ndi mnyamata wa jezi uja mwina akanapeza pogwirizana.

Ndikudziwa kuti magemu a NBA amaseweredwa ife tili m'tulo, ndipo mlembi mmodzi amayembekezeka kulemba za masewero amitundumitundu. Sindikupeputsa ntchito yawo. Koma ziwerengero za gemu iliyonse zimapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo magemu akale amaoneka ngakhale masana. Ana amene ndimawaimbira amawerenga tsamba lanu. Akaona kuti munthu angathe kuweruzidwa m'nyuzipepala popanda umboni, amatengera, ndipo mawa adzatero ndi mnzawo wa mu timu.

Pempho langa, akonzi, ndi ili. Apempheni alembi anu aonere chigawo chachiwiri cha gemu ya ku Denver ija, kenako aonere ya Lakers imene anatulutsidwa m'bwalo, alembenso za Edwards ataziona zonse ziwiri. Akadzabwerabe ndi maganizo oti mnyamatayu ndi wamwano, ndidzawerenga mpaka kumapeto, ndipo pepalalo ndidzapita nalo ndekha kubwalo Loweruka.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, woimbira basketball ya achinyamata