Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Mulanje pa nkhani ya achinyamata osowa pogona

Wolemekezeka Bwanamkubwa,

Ndikulemba m'malo mwa anzanga angapo, anyamata ndi atsikana a kuno ku Mulanje, amene tinakhalapo opanda pogona tili ana, ndipo lero ena tikupalasa kabaza, ena tikusoka zovala, ena tinabwerera kusukulu. Pempho lathu ndi lakuti pamene khonsolo ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu zikukonza mapulani okhudza ana ogona panja, ifenso tizikhala nawo pa zokambiranazo ndi kumvedwa maganizo athu.

Anthu ambiri amayesa kuti ana a masikini ndi nkhani ya ku Limbe ndi ku Blantyre, koma ambiri mwa ana amenewo kwawo ndi kumudzi, ndipo asanakwere minibasi ya ku tauni amayamba agona kaye m'misika yathu yomwe ino. Msika ukatha pa Limbuli, pa Nkando kapena pa Chitakale, alipo anyamata amene masana amanyamula katundu wa anthu, ndipo usiku amalowetsa miyendo m'thumba la feteleza n'kugona pansi pa benchi, kapena pakhonde pa golosale ngati agwirizana ndi mlonda kuti azimuthandiza kuyang'anira. M'mwezi wa Juni, mphepo ya chiperoni ikamatsika m'phiri, thumba limenelo silifunditsa kanthu. Atsikana ndiye simungawaone n'komwe, chifukwa sagona pabwalo. Amatengedwa ndi munthu amene amati awasunga, n'kumawagwiritsa ntchito yopanda malipiro, ndipo ena amathera m'zipinda za kuseri kwa mabala. Mlembi wobwera masana ndi kope sangawawerenge ana amenewa, pamene ife timadziwa nthawi ndi malo owapezera, komanso kalankhulidwe kamene sikangawathawitse.

Chimene chimachotsa mwana pakhomo si kupulupudza ayi, monga ambiri amanenera. Boma lino ndi lopanikizika, malo ambiri achonde ali m'minda ya tiyi, ndipo kamunda ka banja kagawidwa kale mibadwo ingapo. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, choncho mayi akamwalira, kapena akakwatiwanso ndi bambo wosafuna ana owapeza, mwanayo amayang'ana kwa malume ake, amene naonso nkhokwe yawo ili mbee. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anawonjezera mavuto pamenepo. Anthu oposa 600,000 anasowa pokhala m'chigawo cha kumwera, ndipo misasa itatsekedwa, mabanja ena anakaunjikana kwa achibale. Pamalo otero woyamba kuuzidwa kuti wakula, adzionere yekha, ndi mnyamata wa zaka 14 kapena 15.

Malamulo alipo, ndipo ndi abwino. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana linakhazikitsidwa mu 2010. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitengedwa kuti ndi mwana, ndipo chaka chomwecho Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, linathetsa gawo la lamulo la vakabu limene ankamangira anthu chifukwa chongopezeka pamsewu. Chimene chikusowa ndi kudziwa pamene thandizo likumulambalala mwanayo. Ndalama za Mtukula Pakhomo zimatsata khomo, ndiye mwana wopanda khomo sapezeka m'kaundula. Nambala yaulere ya 116 ndi yothandiza, koma ambiri mwa ana amenewa alibe foni, ndipo ena sanaimvepo. Kumubwezera mwana kumudzi popanda kufunsa chimene anathawa ndi kutaya mafuta a galimoto chabe, pakuti sipatenga nthawi wabwerera pamsika, ndipo ulendo uno amabisala akaona munthu wa boma. Nanga amene wakwanitsa zaka 18 ali pabenchi pomwepo, wopanda satifiketi kapena luso lililonse, apite kwa yani?

Sitikukana kulankhula pagulu. Timalankhula kale m'mipingo, m'mizikiti ndi m'mabwalo a mafumu, ndipo taona kuti kholo limamva msanga likamva kuchokera kwa munthu amene anagonapo ndi njala pamsika womwe ilo limagulapo ndiwo. Koma kufotokoza mbiri yotere n'kowawa, makamaka kwa alongo athu. Pamiyambo ina, monga ya Tsiku la Mwana wa mu Africa pa 16 Juni, wachinyamata amaimikidwa kutsogolo, n'kufotokoza zonse zimene anaziona, anthu n'kuwomba m'manja, mawa lake chithunzi chake chili pa Facebook iye asanavomereze, pamene zosankha zenizeni zinapangidwa kale iye kulibe. Tikupempha kuti ofesi yanu iziuza mabungwe ogwira ntchito m'boma lino kuti asajambule kapena kutchula dzina la munthu popanda chilolezo chake, ndiponso kuti wa kabaza akasiya njinga yake tsiku lonse kuti adzathandize khonsolo, azibwezeredwa ndalama ya tsikulo monga amachitira ndi ena onse obwera ku msonkhano.

Tikupemphanso kuti mu komiti ya boma yoteteza ana mukhale mipando iwiri, wa mnyamata ndi wa mtsikana amene anakhalapo moyo umenewu, osankhidwa ndi anzawo. Poyambira, mvula isanagwe chaka chino, mutipatse wogwira ntchito mmodzi wa zachisamaliro cha anthu, wosavala yunifomu ndiponso wobwera popanda galimoto ya boma, kuti tiyende naye usiku m'misika kuchokera pa Nkando mpaka pa Muloza, tiwerenge ana amene akugona kumeneko ndi kumva chimene chinachotsa aliyense kwawo.

Ndine wanu modzichepetsa,

Mmodzi mwa achinyamata amene anakhalapo opanda pogona,
Chitakale, Mulanje