Dandaulo kwa opanga pulogalamu yojambulira mapulani: miyeso ya pa point cloud ikunama

Ndikulemba poyera pano chifukwa makalata awiri amene ndinatumiza ku ofesi yanu yothandiza makasitomala sanabweretse yankho logwira mtima, chonsecho laisensi ya pulogalamuyi ndimalipira chaka ndi chaka osaphonya.

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba zakale zimene mapepala ake anasowa. Woyeza malo amabwera ndi makina a laser, n'kundipatsa fayilo ya E57 yokhala ndi madontho mamiliyoni ambiri, amene onse pamodzi amaonetsa maonekedwe a nyumbayo ndipo amatchedwa point cloud. Ine ndimadula point cloud imeneyo pa msinkhu wa mawindo kenako n'kumalondola madonthowo pojambula makoma, makomo ndi mizati. Mwezi watha ndinayeza khomo lina m'pulogalamu yanu ndipo inandipatsa mamilimita 875. Ndinaukhulupirira muyesowo, ndinaulemba papulani, kalipentala n'kupanga felemu. Tsiku loika felemuyo panatsala mpata woti chala n'kulowa, ndipo titatambasula tepi tinapeza kuti khomolo ndi la mamilimita 900. Mwini nyumba anandiyang'ana ine, osati kompyuta, ndipo ndalama ya felemu ina inachoka m'thumba mwanga.

Nditabwerera pa kompyuta ndinayezanso khomo lomwelo m'mwamba pang'ono, ndipo pulogalamu inati 906. Ndinayeza makomo ena a khoma limenelo, ndipo ndinaona kuti miyeso yonse ikudumpha ndi mamilimita pafupifupi 31, popanda nambala ya pakati. Nditakulitsa chithunzi, khoma losalala bwinobwino linkaoneka ngati masitepe, madontho ataunjikana m'mizeremizere.

Chimene chikuchitika si chachilendo kwa munthu wodziwa ntchito yanu. Woyeza malo anagwiritsa ntchito UTM, njira yosonyezera malo pa mapu ndi nambala za mamita, momwe nambala za kum'mawa zimazungulira pa mamita 500,000 ndipo za kumpoto zimafika mamiliyoni. Nambala ya kadontho yosungidwa m'mabiti 32 (mabiti ndi timalo timene kompyuta imasungiramo nambala) imakwanitsa manambala pafupifupi asanu ndi awiri okha, kotero kuti pa mamita 500,000 kachidutswa kochepetsetsa kamene ingasiyanitse ndi masentimita atatu ndi pang'ono, ndendende kudumpha kumene ndinakuona. Fayilo ya E57 ilibe mlandu, pakuti imatha kusunga nambala m'mabiti 64, ndipo woyeza malo uja ataitsegula m'pulogalamu ina khomolo linatuluka bwino. Inenso nditasunthira point cloud yonse pafupi ndi ziro, muyeso unabwera pa 900. Zonsezi zikuloza kuti mamilimita akutayika pamene pulogalamu yanu ikulowetsa fayilo.

Wothandiza makasitomala wanu anandiuza kuti ndizingosuntha chonchi nthawi zonse. Malangizowa ndi ochedwa, komanso ndi osakwanira, chifukwa ndikasuntha pamanja, pulani yanga imasiya kugwirizana ndi ya woyeza malo ndi ya injiniya wa ngalande, ndipo aliyense ayenera kukumbukira nambala zimene ndinachotsa, apo ayi nyumba ikagwera pamalo olakwika pa mapu. Chimene chandipweteka kwambiri n'chakuti pulogalamu sinandichenjeze ngakhale pang'ono. Inalandira fayilo mwakachetechete, n'kumaonetsa miyeso yokhala ndi manambala awiri kumanja kwa kadontho, ngati kuti ndi yolondola kwambiri, pamene inali italakwitsa kale ndi masentimita.

Ndikupempha kuti pulogalamuyi izichotsa yokha nambala zikuluzikuluzo polowetsa fayilo, izizisunga, n'kuzibwezera potulutsa pulani. Ngati kukonza kumeneko kutenge nthawi, ikani msanga chenjezo loonekera bwino lomwe lizituluka munthu akalowetsa point cloud ya nambala zazikulu, ndipo mudziwitse makasitomala onse, chifukwa n'kutheka kuti alipo ena amene atumiza kale mapulani olakwika osadziwa. Fayilo ya E57 ndi zithunzi za miyeso yonse itatu ndinaziphatikiza pa kalata yanga yachiwiri, ndipo ndikudikira yankho lonena kuti vutoli mwaliona komanso tsiku limene mudzalikonze.